Bulaza Ankafuna Mwini Munda

Lachisanu, pa 12 Ogasiti

Ndadzuka thupi lili lopepuka ngati si langa, ngati munthu amene wadwala malungo masiku ambiri ndiye lero wachira. Panja kunali chiperoni. Phiri silimaoneka n'komwe, mitengo ya mango ya kuseri kwa nyumba imaoneka theka lokha, ndipo mawu a amayi opita kumjigo amamveka ngati akuchokera pansi pa madzi. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali, osakumbuka chimene ndatulukira.

Mwina n'chifukwa cha mawa. Mawa masana kuli msonkhano kusukulu ya pulayimale ya m'mudzi mwathu muno, ndipo akuti ine ndikayankhule. Nkhani yake ndi ya munda umene sukulu imalima, wa kumtsinje uja. Unali wa agogo aakazi, a Rozina, amene anatisiya chaka chatha. Mwana wawo wamkazi anali mmodzi yekha, mayi anga, ndipo nawonso kulibe. Choncho mundawo wagwera ine ndi mng'ono wanga Tereza, amene ali Sitandade 5 pasukulu yomweyo.

Amalume a Fulaye akuti sukulu yalima mokwanira, munda ubwerere kubanja. Akuti ndine mwana wamasiye, ndili Fomu 3, mayeso sadziwika, ndikadzalephera ndidzagwira chiyani? Sakunena mwankhanza ayi. Aphunzitsi aakulu nawo akuti popanda mundawo phala la ana litha, choko chitha, ndipo aphunzitsi awiri othandizira amene amadalira nandolo wa m'mundamo achoka. Mbali zonse ziwiri zikuti anene yekha mwini wake. Mwini wakeyo ndine, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wopanda ngakhale nkhuku.

Masana chifunga chitachepa, agogo aamuna, a Samisoni, anatiitana kuti tiwathandize kusenda chinangwa cha makaka. Sabata yamawa akupita kwawo ku Mkhumba. Abale a agogo aakazi anawasudzula mwezi watha monga mwa mwambo, ndipo ngakhale amalume anawauza kuti akhoza kukhalabe, iwo akuti akufuna akaone alongo awo maso akadali kuona. Tinakhala pamphasa atatu, dengu pakati. Anayamba okha kuyankhula, osafunsidwa. Ndalemba mmene ndakumbukira, ndipo kuyambira apa mawu ndi awo.

*

Ana inu, mipeni mukuigwira ngati bolopeni. Senda mozama, Tereza, khungu lofiiralo lichoke lonse. Ife tili ngati inu tinkasenda ndi kachitsulo kosula kuchokera ku khasu lakutha, ndipo ukadzicheka unkangoyamwa chala n'kupitiriza. Lero munthu akadzikanda pang'ono akufuna pulasitala ndi tsiku lopuma.

Ine m'mudzi muno ndinabwera ndi bulangete, khasu ndi mpando wopinda umene ndinagula ndikugwira ntchito ku esiteti ya tiyi. Kuesitetiko tinkapita wapansi, kudzera pampata wa pakati pa mapiri awiri aja, kamba wathu ali kalongonda wokulunga m'masamba a nthochi. Inu kalongonda mumamunyoza, mumati amatha nkhuni. Zoona amatha nkhuni, amakhala pamoto tsiku lathunthu, madzi n'kumataya n'kumathira ena. Koma ukamudya m'mawa umakafika kuseri kwa phiri m'mimba muli phee. Mabanzi anuwa angakufikitse kuti? Pamjigo pomwepa njala yayamba kale.

Pampata paja, miyezi ngati uno, nkhungu imagona pansi iwe n'kumayenda pamwamba pake. Mapazi suwaona. Umangomva madzi akuyenda penapake, ndi mbalame imene sunaionepo. Tsiku lina ndikutsika m'nkhungu yoteroyo ndinamva munthu akuimba, koma osaoneka. Ndinaima. Kenaka munatuluka mtolo wa nkhuni ukuyenda wokha m'mwamba, ndipo utayandikira ndinaona kuti pansi pake pali agogo anu. Anandiyang'ana n'kundiuza kuti ndaima panjira. Ndinapatuka. Kwathu ndinangopitako kukatsanzika.

Mukudziwa kuti kuno mwamuna ndi mkamwini. Amamanga nyumba pamalo a mkazi, amalima munda wa mkazi, ana ndi a kuchikazi. Munda wa kumtsinje uja ndaulima zaka zoposa makumi anayi. Ndikudziwa pamene madzi amaima, pamene khasu limalira pamwala, pamene mbewa zimakonda kukumba. Koma ngakhale dothi lodzaza chikhatho si langa. Sindikudandaula ayi, ndadya bwino m'mudzi muno. Ndikungofuna mumvetse chimene chinandigwira tsiku lija.

Chinali chaka chimene matipate anabwera, sukulu n'kukhala yaulere. Iwe wamkuluwe unali kamwana, uli ku Limbe ndi mayi ako, Tereza kunalibe. Ana anatuluka m'nyumba ngati ngumbi mvula yoyamba. Sukulu yapafupi inali kutsidya kwa mtsinje, ndipo dzinja mtsinje ukadzaza, ana ankatha miyezi iwiri akungoyang'ana denga lake likunyezimira patali. Ndiye makolo tinamanga chisakasa cha udzu tsidya lino, n'kupempha achinyamata awiri amene anafikako ku sekondale kuti aziphunzitsa. Bolodi linali chitseko chakale chopaka makala. Choko chinali makaka, omwewa mukusendawa. Amalemba bwino ndithu, vuto lake linali limodzi: mphunzitsi akatembenuka, mwana wanjala ankadya choko.

Ndi pamene a mishoni anatitumizira Bulaza Yotamu. Munthu wamtali, wa kumpoto, wa njinga yamoto yofiira imene inkamveka ikadali kumsika. Chichewa chake chinali chopindikira uku, chathu chopindikira uko, tinkakumana pakati. Anayesetsa kuphunzira moni wa Chilomwe, koma moni wa m'mawa uja, moseliwa, ankaupereka ngakhale dzuwa likulowa. Amayi ankayankha mwaulemu, kenaka n'kukasekera kuseri kwa nkhokwe.

Bulaza sanatinamize. Anati mishoni sidzabereka sukuluyi kumsana mpaka kalekale. Ipereka mbewu, makasu, wilibala ndi malata pang'ono, ndipo iye mwini akhala nafe mvula zitatu. Zikatha zimenezo sukulu iziyenda ndi miyendo yake. Anati chofunika ndi munda waukulu ndithu: chimanga chikhale cha phala la ana, nandolo azigulitsidwa kuti pazipezeka choko ndi sopo wa aphunzitsi. Ndiye analengeza kutchalitchi kuti eni minda onse abwere Lachitatu. Kwawoko mwini munda ndi bambo, mkazi ndiye amachoka kwawo kukakhala kwa mwamuna. Choncho polengezapo anawonjezera kuti, abambo nonse.

Tinapita amuna okhaokha, akamwini tonse, titavala majekete kunja kukutentha. Bulaza anaimirira n'kunena kuti, "Takulandirani, eni nthaka."

Ana inu, mawu amenewo anali okoma. Chibadwire palibe anandiitanapo choncho. Ndinayang'ana anzanga, ndinaona onse akhala mowongoka, wina akusisita ndevu, wina wapingasa miyendo ngati kalaliki wa kuboma. Aliyense ankadziwa kuti munthuyu walakwitsa. Palibe anatsegula pakamwa. Atafunsa kuti ndani angapereke munda, aliyense anayang'ana mnzake. Kenaka miyendo yanga inaimirira yokha, ndipo ndinamva pakamwa panga pakunena kuti munda wanga wa kumtsinje ndaupereka kusukulu. Anthu anawomba m'manja. Bulaza anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

Pobwerera anzanga anandiperekeza mwakachetechete ngati tikuchokera kumanda. Titafika pamphambano mmodzi anangoti, "Achimwene, bulangete lanu mumalisunga pafupi?"

Milungu itatu sindinanene kanthu kunyumba. Ndinkati ndinena tikamadya, chakudya n'kutha ndikutafunabe mawu. Ndinkati ndinena Lamulungu pochokera kutchalitchi mtima wa agogo anu uli wofewa, n'kufika pakhomo ndikuyamikirabe ulaliki. Amuna ena aja nawonso sanauze akazi awo, poopa kufunsidwa kuti nanga inuyo mumakatani kumsonkhano wa eni minda. Ndicho chinsinsi chokhacho chimene amuna a mudzi uno anasungapo.

Tsiku lake linafika nthawi yososa. Tinali m'munda awiri, ine ndi agogo anu, utsi wa mapesi uli lendelende pamwamba pa mizere yakale, dzuwa likuoneka ngati mbale yofiira. Ndinamva njinga yamoto. Bulaza anatsika atanyamula chingwe ndi zikhomo zoti ayezere malire. Ine ndinali pafupi ndi chulu, ndipo mwadzidzidzi ndinaona kuti kuseri kwake kuli udzu wofunika kuuzula mosamala kwambiri, chogwada. Ndinamumva akupereka moni kwa agogo anu, kenaka n'kunena kuti akufuna mwini munda.

"Mwampeza," anatero agogo anu.

Bulaza anaseka pang'ono, n'kufotokoza kuti akunena bambo.

"Bambo ali kuseri kwa chuluko. Mwini munda ndi amene mukuyankhula nayeyu. Mumafuna uti?"

Sanakalipe. Agogo anu sankakalipa, n'chifukwa chake tinkawaopa. Anamvetsera zonse mpaka pamapeto, anathokoza Bulaza chifukwa cha ulendo, anamuthandizanso kukulunga chingwe chake. Ine sanandiyang'ane n'komwe. Pobwera kumunda ndinachedwa dala, ndipo nditafika ndinapeza bulangete, khasu ndi mpando wanga zili panja, zitasanjidwa bwinobwino. Ukuseka chiyani iwe Tereza? Sendako uko.

Ndinakakhala m'chisakasa cha sukulu masiku asanu ndi anayi. Masiku ano mumanyadira sukulu zogonera konko, koma woyamba m'dera lino ndine. Kukacha ndinkapinda bulangete, n'kukhala kumbuyo pampando wanga, ana ali pansi. Ndinalibe kopita. Mphepo inkalowa m'mipata ya udzu, kuwala kukugwa timizeremizere pamitu ya ana, iwo akuimba a, e, i, o, u, mawu akukwera n'kutsika ngati anthu akupalasa bwato. Nthawi zina ndinkasinza, n'kumaona ngati chisakasa chonse chanyamuka chikuyandama kulowera kuphiri, ife tonse tili momwemo. Ndi m'masiku amenewo mmene ndinaphunzirira kulemba dzina langa, imvi zili mbuu. Kamtsikana kena kopanda mano akutsogolo ndiko kanandiuza kuti chilembo changa choyamba chayang'ana kumbuyo.

Bulaza sanandikwiyire. Anachita manyazi kuposa ine. Njinga yamoto anaisiya kutchalitchi, n'kuyamba kuyenda wapansi khomo ndi khomo. Agogo anu anawapeza akusinja ndi anzawo. Akuti anakana mpando, anakhala pansi, munthu wamtali uja mawondo kufika m'makutu, n'kunena kuti, "Amayi, ndinakafunsa alendo za m'nyumba mwanu. Ndikhululukireni."

Amayi a m'mudzi anakumana katatu pansi pa mkuyu. Zimene anakambirana amunafe sitizidziwa mpaka lero. Pamapeto pake agogo anu anaitanitsa Bulaza n'kumuuza kuti sukulu ilime mundawo. Koma kiyi wa mosungira zokolola azisunga amayi. Ana aakazi asamatumidwe kukatungira aphunzitsi madzi anzawo ali m'kalasi. Bulaza anavomera zonse mokondwa, n'kutulutsa pepala loti adinde chala. Agogo anu anabisa manja m'chitenje.

"Pepala mumalifunsa kamodzi basi, n'kulitsekera m'kabati," anatero. "Ine ndikufuna muzibwera kudzafunsa munthu. Ndikafa mudzafunse mwana wanga wamkazi. Iye akafa mudzafunse wake. Akadzakana, mudzazule zikhomo zanu mwaulemu."

Zinamuvuta Bulaza, chifukwa akuluakulu ake kumishoni ankafuna pepala. Anabweranso kawiri kudzanyengerera, kawiri konse anabwerera atamwa thobwa lokha. Kenaka akuti anakawauza akuluakuluwo kuti munda wa kuno uli ndi pakamwa, ndipo ngati akufuna sukulu ayenera kuzolowera kucheza nawo.

Ine? Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinaona agogo anu aima pakhomo pa chisakasa, ana onse maso ali pa iwo. Anati, "Denga la khitchini likufuna udzu. Kapena nalonso munapereka?" Ndinanyamula mpando wanga n'kuwatsatira.

Mvula zitatu zija zinapita ngati madzi a mumtsinje. Lachiwiri lililonse mudzi wonse unkalowa m'mundamo, amayi kutsogolo, ife eni nthaka pambuyo. Dzina limenelo linatikakamira, mpaka lero amayi akafuna kutuma mwamuna amati, eni nthaka, tatengani khasu. Bulaza anatiphunzitsa kusiya kutentha mapesi, kuti tiziwakwirira m'mizere pamodzi ndi masamba a nandolo, nthaka idye. Ifenso tinamuphunzitsa. Amayi anamuuza kuti kumunsi kwenikweni kuja sikubzalidwa chimanga, iye anatsegula buku lake n'kunena kuti dothi lake ndi labwino koposa. Mwezi wa Febuluwale mtsinje unabwera kudzatenga mizere yake yonse, ndi zikhomo zomwe. Anaima pamtunda buluku atapinda, akuseka yekha. Chaka chotsatira anayamba wafunsa.

Chaka choyamba nandolo anadyedwa ndi mbuzi. Chachiwiri tinatchinga ndi minga, tinakolola pang'ono. Chachitatu, ana inu, mukanaona. Munda wonse maluwa achikasu, njuchi zikulira kuyambira m'mawa, munthu ukalowamo osaoneka mutu. Pomenya nandoloyo fumbi linkafika kutchalitchi. Ndi amene anagula malata otsala a chipinda choyamba cha njerwa, chija muli Sitandade 1 lero. Choko chenicheni chitabwera m'bokosi, ana ena anachilawa n'kulavula.

Mvula yachitatu itatha Bulaza anatsanzika monga ananenera. Ife tinkayesa nthabwala. Tinkati munthu angasiye bwanji chinthu chitayamba kukoma? Anasiya wilibala, anakwera njinga yake, tinaimva ikulira mpaka kumsika, kenaka zii. Miyezi ingapo tinkatchera khutu Lachiwiri lililonse. Sanabwerere. Anamutumiza kwina, ndipo a mishoni ankangobwera kamodzi pachaka kudzaona ndi kudzapereka moni kwa agogo anu. Sukulu sinagwe. Boma linadzatumiza aphunzitsi ake pambuyo pake, litapeza ana akumwa kale phala.

Dengu ladzaza kodi? Kayanikeni pathandala, musaunjike pamodzi, angachite nkhungu.

*

Apa ndi pamene agogo analekezera. Tereza atapita kukayanika, ine ndinatsala. Ndinawafunsa chimene chinali pakhosi panga tsiku lonse, kuti nanga mawa ndikanene chiyani.

Anapukuta mpeni pabondo nthawi yaitali. "Ine ndinaperekapo kale munda wosakhala wanga," anatero. "Sindibwereza."

Ndinayesa kuwakakamiza, koma anangowonjezera kuti ndisawaone amalume ngati mdani. Akuti amalume analima nawo m'munda wa sukuluwo kuyambira tsiku loyamba, ndipo chimene chikuwadya n'chakuti iwo ndiwo mwini mbumba. Ine ndikadzavutika, anthu sadzaloza aphunzitsi aakulu kapena a mishoni. Adzaloza iwo, kuti anangoyang'ana munda wa ana a mlongo wawo ukupita.

Dzuwa litapendeka ndinatenga Tereza kupita kumundako. Sindinapiteko chimwalirire agogo aakazi. Nandolo wayamba kukhwima, kwina kukadali maluwa. Chifunga chinali chitayambanso kutsika kuphiri, chikubwera pang'onopang'ono m'mizere, moti kumunsi kwa munda sikumaoneka, ngati munda ulibe mathero. Ndinayesa kuuona ngati wanga. Ndinayesa kuona nyumba yanga pamtunda paja, ine ndili mayi wamkulu, ndikutuma munthu kukathyola ndiwo. Zimaoneka ndithu, sindinama. Zimakomanso.

Tereza amangoyenda patsogolo akundionetsa mizere imene kalasi lawo linabzala, ndi pamene mnzake anagwera m'matope. Kenaka anatembenuka.

"Achemwali, nanga ine andifunsa?"

Ndinamuuza kuti iye ndi mwana. Anati mundawo akuti ndi wa tonse awiri, ndipo phala amamwa ndi iye, osati ine. Aphunzitsi aakulu, amalume, ngakhale ine ndemwe, palibe anaganizapo zomufunsa. Ndinamufunsa pomwepo, tili chiimire pakati pa nandolo. Anaganiza ndithu, nkhope ili yolimba ngati ali pamayeso, n'kunena kuti sukulu ilime mpaka iye alembe Sitandade 8, kenaka adzatifunsenso tonse awiri, chifukwa pamenepo adzakhala ndi nzeru zambiri kuposa lero. Ndinaseka, koma pobwerera njira yonse ndinaona kuti palibe yankho labwino kuposa limenelo limene ine ndinali nalo.

Mantha sanathe. Ndikhoza kulephera mayeso. Ndikhoza kudzaima pamtunda paja zaka zitatu zikubwerazi ndilibe kanthu m'manja, ndikuyang'ana ana a eni akukolola. Koma zaka zitatu si moyo wonse, ndipo munda suthawa.

Mawa sindiyambira kumsonkhano. Ndidzuka m'mamawa, ndipita kwa amalume ndi Tereza asanatuluke pakhomo. Ndikagwada n'kuwauza ndekha zimene tagwirizana, kuti asakazimvere pamaso pa anthu. Akafuna kukwiya akwiyire pakhonde pawo, ndikhala pomwepo mpaka amalize. Kenaka ndiwapempha zinthu ziwiri. Choyamba, kumsonkhanoko akaimirire ndi iwo kunena mawu athu, ife tili pambali pawo. Chachiwiri, tchuthi chino chisanathe andiphunzitse kuunga mizere pa kamunda ka kuseri kwa nyumba, chifukwa zoti mayeso sadziwika akunena zoona.